Ndodo yanji yokokera nyambo ya muskie kumbuyo kwa boti?

"Moni achimwene. Kwathu ndi ku Nkhotakota, koma pano ndikukhala ku St. Cloud, m'chigawo cha Minnesota, ndipo chino ndi chaka chachinayi. Mlamu wanga ali ndi boti la injini la mamita 5, ndiye tagwirizana kuti chaka chino tikayese muskie pa nyanja ya Mille Lacs, pokoka nyambo kumbuyo kwa boti likuyenda, zimene kuno amati trolling. Nditapita kusitolo, mnyamata wogulitsa anandionetsa ndodo ya graphite yopepuka ngati phesi, ya madola 400, n'kunena kuti nsomba yaikulu imafuna ndodo yolimba. Mlamu akuti kumeneko n'kutaya ndalama. Ine chomwe ndimadziwa ndi kuwedza ncheni ndi kampango pa bwato, chingwe chili kumanja. Ndigule ndodo yotani, yaitali bwanji? Ndikuopa kuluza ndalama, komanso ndikuopa kuthyola ndodo pa nsomba yoyamba."

Achimwene, khazikani mtima pansi, ndipo madola 400 amenewo abwezeni kaye m'thumba. Pa nkhani iyi alamu anu alondola. Mnyamata wa kusitolo uja sanakunamizeni kuti ndodoyo ndi yabwino, kungoti ndi yabwino pa ntchito ina. Ndodo imene mukufuna inu mwina inali pakona pomwepo, yolemera, yosaoneka bwino, ya mtengo wosafika ndi theka lomwe la imene anakuonetsaniyo.

Tiyambe ndi nsombayo, poti simunakumanepo nayo. Tengani ncheni ija mumaidziwa, ya thupi lalitali ndi mano ngati singano, muikulitse mpaka ifike mita imodzi ndi theka. Muskie ndi yotero, ngakhale kuti si pachibale ndi ncheni. Ndi ya m'banja la nsomba zotchedwa pike, ndipo ndiyo yaikulu m'banjamo. Pa Mille Lacs pomwe mukupitapo, mu Novembala 2021 munthu anakola ya mapaundi 55 ndi maaunsi 14, kutanthauza makilogalamu 25 ndi pang'ono. Inaposa mbiri ya ku Minnesota yomwe inakhalapo kuyambira 1957. M'kamwa mwake ndi fupa lokhalokha, moti mbedza simalowa mophweka, ndipo ikamva kuti yakodwa imapukusa mutu mwamphamvu, nthawi zina italumphira m'mwamba. Anthu a kuno amaitcha nsomba yoponyera nyambo ka 10,000, chifukwa mutha kutha masiku atatu osaona ngakhale mchira wake. N'chifukwa chake ikabwera imodziyo, simufuna kuti ndodo ikhale imene yakutayitsani.

Ndodo ya graphite ija anaipangira munthu amene waimirira m'boti, akuponya nyambo yolemera n'kumaikokanso, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ameneyo amafunadi yopepuka kuti phewa lisathe, ndiponso youma kuti nsomba ikagwira akoke ndi mphamvu zake mbedza zilowe m'fupa muja. Kupepukako ndi kumene mumalipira ndalama zambiri. Koma inu ndodo yanu sikhala m'manja. Izikhala m'choikamo ndodo chomangidwa m'mphepete mwa boti maola 8 kapena 10, yopindika, nyambo ikuikoka osapuma. Kulemera kwake kuzisenzedwa ndi boti. Ndipo mbedza silowetsedwa ndi mkono wanu, imalowetsedwa ndi injini. Ndiye mulipirirenji kupepuka komwe simukumva?

Taganizirani zomwe zimachitika nsomba ikagwira. Boti, injini, mafuta, inu ndi alamu, zonsezi pamodzi zikuyandikira tani imodzi, ndipo zikuyenda pa liwiro la mailosi 3 mpaka 5 pa ola, ngati makilomita 5 mpaka 8. Nsomba ya makilogalamu 15 yagwira nyambo n'kutembenukira kwina. Chingwe chimene ambiri amagwiritsa ntchito masiku ano, choluka chija amati braid, sichitamuka ngakhale pang'ono. Mphamvu yonseyo iyenera kupeza pothera. Ngati ndodo ili youma ngati mpini wa khasu, mphamvuyo imathera pa mbedza, n'kung'amba mlomo wa nsomba kapena kuwongola mbedzayo, apo ayi imathera pa mfundo, kapena pa ndodo yomweyo.

Inu zimenezi mukuzidziwa kale, kungoti mumazidziwira m'zala. Kampango wamkulu akagwira chingwe usiku pa bwato, simumangitsa dzanja kuti nganganga. Mumalola chingwe chitsetsereke pang'ono pakati pa zala, kumugonjera akakoka, kumubweza akafooka. Pa trolling zala zanu palibepo, mwina mwagwira kapu ya tiyi. Ntchito ya zala ija iyenera kugwiridwa ndi ndodo pamodzi ndi buleki ya reel (chokulungira chingwe chomangidwa pa ndodo), yomwe amati drag. Choncho posankha ndodo muzidzifunsa ngati ikudziwa kugonja.

N'chifukwa chake ndimati gulani ya fiberglass, kapena yosakaniza fiberglass ndi graphite, imene pa ndodopo amalemba kuti composite. Fiberglass ndi yolemera komanso yaulesi pobwerera ikapindika, koma ulesi womwewo ndi umene umameza kugunda koyamba kuja, n'kusunga chingwe chili chokungika pamene nsomba ikupukusa mutu. Chingwe chikangolendewera kamphindi, nyambo yolemera ija imasanduka chida cha nsombayo, imaipukusa mpaka mbedza zitazuka. Chinanso, fiberglass imapirira nkhanza. Ndodo ya m'boti imapondedwa, imagundidwa ndi chitseko cha galimoto, imakhulana ndi chitsulo. Graphite ikangokalika pang'ono, kabala kosaoneka ndi maso, tsiku lina imathyokera pomwepo osachenjeza.

Ine ndinaphunzira ndi thumba langa. Zaka zanga zoyambirira ndinali ndi ndodo imodzi ya graphite imene ndinkainyadira kwambiri, ndipo ndinkaganiza kuti poti ndi yodula ingathe chilichonse. Tsiku lina kumayambiriro kwa Novembala, kukuzizira mpaka madzi oundana m'timphete ta pa ndodo timene chingwe chimadutsamo, ndinaiika m'choikamo, buleki nditamanga kwambiri poopa kuti mbedza sizilowa. Sinali nsomba imene inaithyola, achimwene. Nyambo inangokodwa pa mwala pansi, boti likupitirira. Ndinamva phwaa ngati mfuti, ndodo yaduka pamwamba pa chigwiriro, theka likutsetsereka pa chingwe kulowa m'madzi. Mnzanga amene anali ndi ndodo yakale ya fiberglass, yosuluka utoto, anakodwa pa miyala yomweyo masana. Yake inangopindika mpaka nsonga kukhudza madzi, reel ikulira, iye n'kuchepetsa injini osathamanga n'komwe. Anandiyang'ana osanena kanthu, ndipo sanafunikire kunena.

Koma musamve ngati ndikuti mugule chilichonse chofewa. Pa ndodo amalembapo zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Choyamba ndi mphamvu yake, power, ndipo inu mufuna yolembedwa heavy, kapena medium-heavy ngati nyambo zanu zili zazing'onopo. Chachiwiri ndi kapindikidwe, action. Yolembedwa fast imapindika kunsonga kokha. Inu mufuna moderate, yopindika kuyambira kunsonga mpaka chapakati, koma chakumunsi ikhale ndi msana. Msanawo ndi wofunika chifukwa nyambo za muskie si zamasewera. Zambiri ndi za mainchesi 8 mpaka 14, monga Jake, Grandma, Believer ndi Depth Raider, ndipo zina zili ndi mlomo waukulu wa pulasitiki kapena chitsulo woziloza pansi. Nyambo yotere imakoka mwamphamvu kuposa kulemera kwake pa sikelo. N'chifukwa chake nambala ya maaunsi yolembedwa pa ndodo musaikhulupirire kwambiri, imanena za kulemera kwa nyambo poponya, osati kakokedwe kake m'madzi. Ndodo ikapindika yonse ndi nyambo yokha, nsomba isanagwire, ndiye kuti yatha kale mphamvu ndipo ilibe chogonjera. Ine ndimafuna kuti nyambo ikamakoka ipinde gawo limodzi mwa magawo atatu a ndodo, kwinako kudikire nsomba.

Kusitolo chitani izi. Mupempheni mnyamata uja agwire nsonga ndi dzanja, inu mugwire chigwiriro n'kumakweza pang'onopang'ono. Onani pamene kupindika kukuthera. Kukathera pafupi ndi nsonga n'kumva ngati mwagunda khoma, isiyeni. Kukafika mpaka pa dzanja lanu ngati bango, isiyeninso. Mukufuna imene ikupindika ngati uta mpaka chapakati, kenako n'kuyamba kukukanizani pang'onopang'ono.

Nsonga yofewerapo ili ndi ntchito ina imene ogulitsa satchula kawirikawiri. Nyambo ikamasambira bwino imagwedezeka uku ndi uku, ndipo nsonga ya ndodo imavina motsatira, ti-ti-ti-ti, osalekeza. Nyambo iliyonse ili ndi kavinidwe kake, moti pakatha masiku angapo mumazindikira ndi diso lapambali. Kavinidweko kakasiya, ndodo n'kungopindika ili zii, dziwani kuti mbedza zatola udzu kapena tsamba, ndipo muskie sigwira nyambo yovala udzu. Ndaonapo anthu akuzungulira nyanja ola lathunthu akukoka zinyalala chifukwa ndodo yawo youma sinawauze kanthu. Pa trolling maso anu amakhala pa nsonga kuposa pa madzi.

Tsopano kutalika. Apa lamulo la ku Minnesota lakuchepetserani kale ntchito, chifukwa pa Mille Lacs, nthawi imene nyanja sinaundane, munthu mmodzi amaloledwa chingwe chimodzi chokha. Inu ndi alamu, ndodo ziwiri basi. Mukaonera makanema a pa Lake St. Clair, pakati pa Michigan ndi Ontario, muona maboti ali ndi ndodo zambirimbiri ngati minga ya nungu, zazitali m'mbali, zazifupi kumbuyo. Ku Michigan munthu amaloledwa zingwe 3, ndiye amafunika ndodo zosiyana kutalika kuti zingwe zisapiringizane. Zimenezo si zanu. Inu gulani ziwiri zofanana, za mafiti 8 ndi theka kapena 9, kutanthauza mamita 2.6 mpaka 2.7, ina iloze kumanja ina kumanzere. Kutalika kumeneko kumatalikitsa nyambo ziwirizo kuti pokhota zisakumane, kumapereka malo okwanira opindikira, komanso kumathandiza pomaliza. Kutsogolo kwa chingwe mudzamangako kachingwe kolimba koteteza ku mano, leader, ndipo ka trolling kamakhala kakatali, mafiti 3 mpaka 4, chifukwa muskie imakonda kudzikulunga m'chingwe. Kachingweko sikalowa m'timphete, ndiye ndodo ikakhala yaifupi mudzapezeka mwabwerera mpaka kumapeto kwa boti, manja m'mwamba, nsomba isanafikebe pa ukonde wa alamu.

Za mafiti 10 ziliko, ndipo ena amagwiritsa ntchito zija anapangira kukoka Dipsy Diver, kachipangizo komiza nyambo pansi, powedza nsomba za salmon pa nyanja zikuluzikulu. Zimagwira ntchito, koma m'boti la mamita 5 zimasowetsa mtendere. Zazifupi za mafiti 6 kapena 7 ndi za njira ina, yoika nyambo pafupi kwambiri m'thovu la injini, nsonga italoza m'madzi. Zimadabwitsa koma muskie siopa injini, imabwera mpaka pamenepo. Njira imeneyo mudzaiyese chaka chamawa. Ikagwira pa chingwe chachifupi chotero kugunda kwake kumakhala koopsa, ndipo pamenepo fiberglass yeniyeni ndiyo yokha ndingaikepo.

Muyezenso galimoto yanu ndi posungira musanagule. Ndodo ya mafiti 9 yosaduka pakati silowa m'galimoto yaing'ono. Yolumikiza pawiri ilibe vuto pa trolling, bola muzionetsetsa kuti polumikizira palowa mokwanira. Zilikonso zimene chigwiriro chimameza gawo la ndodo posunga.

Chigwiriro chikhale cha thovu lakuda lija amati EVA kapena cha rabara, osati cha cork, khungwa lofewa la mtengo. Cork ndi yokoma m'manja koma choikamo ndodo chimaidya, pakutha pa chaka imakhala ngati yalumidwa ndi makoswe. Kutsogolo kwa reel kukhale malo okwanira dzanja lonse lovala magolovesi, chifukwa pochotsa ndodo m'choikamo nsomba ikukoka, pamenepo ndi pogwira. Timphete tikhale tatikulu komanso ta miyendo iwiri. Nthawi yabwino ya nsomba zikuluzikulu pa Mille Lacs ndi Okutobala ndi Novembala, pamene tullibee, nsomba zimene muskie imadya, zimabwera ku miyala kudzaswana, muskie n'kumazitsatira, ndipo nthawi imeneyo timphete tating'ono timatsekeka ndi madzi oundana msanga. Pogula, makamaka ngati ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, pititsani kathonje m'kamphete kalikonse. Thonje likakodwa, pali mng'alu, ndipo mng'alu umenewo udzadula chingwe tsiku limene simukufuna. Ngati mtsogolo mudzafune chingwe cha waya chomiza nyambo pansi kwambiri, chimenecho chimafuna ndodo yakeyake ya timphete ta mawilo kapena nsonga ya sipuling'i, poti waya amacheka timphete wamba. Koma Mille Lacs malo ake akuya kwambiri ndi mamita pafupifupi 13 okha, sindikuona chokufulumizitsani.

Mayina ndikupatsani ochepa oti muyambirepo. Ugly Stik Tiger ndi yotsika mtengo, anthu amawedzera nsomba za m'nyanja yamchere ndi milamba ikuluikulu, ndipo asodzi ambiri a muskie akhala akuikokera nyambo kwa zaka. Shimano ali ndi Talora ndi TDR. St. Croix, kampani ya ku Park Falls ku Wisconsin, ili ndi mtundu wa Mojo Musky wopangidwira trolling, wokwererapo mtengo. Mitundu imasintha chaka ndi chaka, ndiye dzina lisakumangeni. Chachikulu ndi kuyesa kuja kopinda ndi dzanja.

Ndalama zimene mwapulumutsazo zili ndi kopita. Choyamba ndi choikamo ndodo. Ichi ndi chimene anthu amanyozera, n'kudzalira ndodo ndi reel zitamira limodzi. Gulani chachitsulo, monga Down-East, kapena cha pulasitiki yolimba yopangidwira nsomba zazikulu, ndipo muchimange ndi mabawuti odutsa mbali zonse, kuseri kuli kachitsulo kochirikiza, osati timisomali tozungulira tolowa m'aluminiyamu yopyapyala. Chachiwiri ndi reel yowerenga kutalika kwa chingwe chimene mwatulutsa, monga Shimano Tekota kapena Okuma Convector. Kuya kumene nyambo ikusambira kumadalira kutalika kwa chingwe, ndiye nsomba ikagwira pa mafiti 40 mufuna kubwereza 40 yemweyo, osati kungoyerekeza. Chingwe choluka cha mapaundi 80 kapena 100 ndi chokwanira, leader ya fluorocarbon (chingwe cholimba chofanana ndi nayiloni) ya mapaundi 130 kapena ya waya ngati mukugunda miyala. Ikani kamkanda kapulasitiki pamwamba pa leader kuti chitsulo cholumikizira chisamagunde kamphete ka kunsonga mukamakulunga.

Buleki ija musamange ngati mmene ndinachitira ine. Ndodo ili m'choikamo, kokani chingwe ndi dzanja kuchokera pa reel. Chizituluka mutakoka mwamphamvu ndithu, koma chizituluka. Chisamatuluke chokha ndi kukoka kwa nyambo. Tsegulani kabelu ka reel kuti izilira chingwe chikamatuluka. Ikalira, musakoke ndodo mwadzidzidzi kuti mulowetse mbedza, boti lachita kale zimenezo. Woyendetsa apitirize masekondi angapo, kenako achepetse liwiro pang'onopang'ono inu mutagwira kale ndodo ili yopindika. Ndipo nolani mbedza ndi tupa musanaziponye m'madzi, ngakhale zatsopano. Mbedza yakuthwa imalowa ndi buleki yofewa, yobuntha ndi imene imanyengerera anthu kumanga kwambiri.

Ngati alamu ali kale ndi ndodo yoponyera ya muskie, ingagwire ntchito masiku oyamba. Mufewetse buleki kuposa pamenepa, kapena muikeko chingwe cha nayiloni cha mapaundi 40 kapena 50, chimene chimatamuka n'kugwira ntchito imene ndodoyo ikukana. Kungoti musaizolowere pa miyala m'nyengo yozizira.

Pali china chimene kwa ife a kunyanja chimavuta kumeza. Nsomba imeneyi mudzaibweza m'madzi. Ku Minnesota, pa nyanja zambiri, muskie yosafika mainchesi 54, masentimita 137, siloledwa kupita nayo kunyumba, ndipo ngakhale yopitirira pamenepo pafupifupi aliyense amaibweza, poti imatenga zaka zambiri kuti ifike msinkhu umenewo. Ndikudziwa kuti ku Nkhotakota mukakafotokoza kuti munagwira ndiwo ya mudzi wonse n'kuitaya dala, adzati kuzizira kwakusokonezani mutu. Koma zimenezi zikukhudza zogula zanu. Ndodo yofooka imatalikitsa nkhondo mpaka nsomba kutheratu mphamvu, n'kukafa mutaibweza, ndicho chifukwa china ndaumirira za msana. Mufunikanso ukonde waukulu wakuya woti nsomba izikhala m'madzi mukamachotsa mbedza, pulayala yaitali, ndi chodulira mbedza champhamvu, monga cha Knipex. Mbedza ikavuta, iduleni, yatsopano ndi yotchipa. Musalowetse dzanja mu ukonde nyambo ikadali pakamwa pa nsomba. Ndinaonapo munthu mbedza imodzi ili m'chala chake, inayo ili m'kamwa mwa nsomba yomwe ikupukusa mutu. Zikakuchitikirani, dulani mbedzayo kuti mulekane ndi nsomba, ndipo ngati yalowa mozama, pafupi ndi mfundo ya chala, mtsempha kapena diso, musaizule nokha, pitani kuchipatala, akaonenso za katemera wa kafumbata.

M'chilimwe, madzi akafika madigiri 80 pa muyeso wa kuno, ngati 27 pa muyeso wa kwathu, asodzi ambiri a muskie amayamba apuma chifukwa nsomba yobwezedwa m'madzi otentha chotero imafa mosavuta. Ndipo mu Novembala vutolo limatembenukira kwa inu. Mille Lacs ndi yotakata komanso yosaya, mphepo ikadzuka mafunde amakwera msanga, ngati mwera uja mumaudziwa, kusiyana kwake n'kwakuti madzi awa ndi ozizira moti munthu akagweramo manja amaleka kugwira ntchito m'mphindi zochepa, ngakhale akhale katswiri wosambira wa ku Nkhotakota. Jekete yoyandamitsa ikhale pathupi, osati pansi pa mpando.

Musanapite, tengani kabuku ka malamulo a usodzi ka chaka chino ku DNR, nthambi ya boma la Minnesota yoona zachilengedwe, kamapezeka komwe mudzagule laisensi komanso pa intaneti. Nyengo ya muskie imatsegulidwa Loweruka loyamba la Juni n'kutsekedwa pa 1 Disembala, koma nyanja zina zili ndi malamulo akeake, ndipo a pa Mille Lacs amasinthasintha, makamaka okhudza kuwedza usiku. Kulinso bungwe la Muskies, Inc., lomwe linayambira ku Minnesota komweko mu 1966 ndipo lili ndi nthambi m'madera ambiri. Kumisonkhano yawo mudzapeza madala amene angakubwerekeni ndodo kuti muyese musanagule. Ngati thumba likulola, sonkhani ndi alamu mulipire munthu wotsogolera asodzi pa Mille Lacs kwa tsiku limodzi, mumuuze kuti mukufuna tsiku la trolling. Muzikayang'anitsitsa mmene wamangira zoikamo ndodo, muzikakoka chingwe pa reel yake kuti dzanja lanu limve buleki imene iye amaika, ndipo mumupemphe kuti nsomba ikagwira akulekeni muchotse nokha ndodo m'choikamo.